Zoyenera kuganizira pogula sikirini yaikulu ya kompyuta ndalama zikachepa

Ogwira ntchito m'boma ambiri, makamaka a m'maofesi owerengera ndalama, okonza mapulani ndi osunga kaundula, amakhala tsiku lonse maso ali pa kompyuta. Kwa anthu otere, sikirini yaikulu si chinthu chodzionetsera ayi. Imathandiza kuona mizere yambiri ya ziwerengero nthawi imodzi, komanso kutsegula kalata ndi lipoti moyandikana.

Vuto ndi ndalama. Zipangizozi zimachokera kunja, ndipo mitengo ya katundu wotere inakwera kwambiri ndalama ya kwacha itatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu November 2023. Choncho ofesi imene yagula sikirini yosayenera imakhala nayo zaka zambiri, pakuti mwayi wogulanso ina subwera msanga.

Choyamba chofunika kudziwa n'chakuti kukula kwa sikirini amakuyeza mopingasa, kuchoka pa ngodya ya m'munsi kufika pa ngodya ya pamwamba ya mbali inayo, ndipo muyeso wake ndi mainchi. Inchi imodzi ndi masentimita 2.54. Sikirini ya mainchi 24 imakhala pafupifupi masentimita 53 m'mbali, ya mainchi 27 pafupifupi 60, pamene ya mainchi 32 imafika 71. Wogula ayenera kuyamba wayeza tebulo lake, chifukwa sikirini yaikulu pa tebulo laling'ono imakhala pafupi kwambiri ndi nkhope, ndipo khosi limatopa ndi kutembenuka.

Koma pamene ambiri amalakwitsa ndi pa kuchuluka kwa timadontho timene timapanga chithunzi. Sikirini yotchedwa Full HD ili ndi timadontho 1,920 m'mbali ndi 1,080 chotsika. Ya QHD ili ndi 2,560 ndi 1,440, pamene ya 4K ili ndi 3,840 ndi 2,160.

Timadontho ta Full HD tikakhala pa sikirini ya mainchi 24, inchi iliyonse imakhala ndi timadontho pafupifupi 92, ndipo zilembo zimaoneka bwino. Timadontho tomweto tikamwazidwa pa mainchi 32, inchi iliyonse imatsala ndi 69 basi. Zilembo zimakula koma zimataya kuthwa kwake, ndipo chiwerengero cha mizere imene munthu akuona sichisintha ngakhale pang'ono. Apa ndalama zapita pa galasi lalikulu lokha, ntchito ili pomwepo.

Pa chifukwa chimenechi, sikirini ya mainchi 27 ya QHD ndiyo imayenera ntchito zambiri za mu ofesi. Ili ndi timadontho pafupifupi 109 pa inchi, ndipo timadontho take tonse timaposa ta Full HD ndi 78 peresenti. Ngati thumba silikulola, ndi bwino kutenga ya mainchi 24 ya Full HD kusiyana ndi ya mainchi 32 yotchipa. Kwa amene amafananitsa zikalata ziwiri tsiku ndi tsiku, masikirini awiri a mainchi 24 akhoza kugwira ntchito bwino kuposa imodzi yaikulu, ndipo imodzi ikawonongeka ntchito siima.

Chachiwiri ndi mtundu wa galasi. Pali mitundu itatu yodziwika: TN, VA ndi IPS. Ya TN ndi yotchipa, koma maonekedwe ake amasintha munthu akaiyang'ana cham'mbali. Ya VA imaonetsa bwino kusiyana kwa poyera ndi pakuda. Ya IPS imaoneka chimodzimodzi pafupifupi mbali zonse, zomwe zimathandiza pamene anthu awiri kapena atatu akuunika lipoti limodzi. Galasi losanyezimira ndilo labwino m'maofesi a mawindo aakulu.

Pali zina zimene ogulitsa amazitama koma ofesi ikhoza kuzisiya. Sikirini zosintha chithunzi ka 144 kapena kuposa pa sekondi imodzi anazipangira okonda masewero a pa kompyuta. Polemba makalata ndi kuwerengera ndalama, ka 60 kapena 75 n'kokwanira. Galasi lopindika ndi masipika a m'kati nazonso zimangokweza mtengo.

Chachitatu ndi polumikizira. Makompyuta ambiri akale ali ndi polowetsa chingwe cha VGA, chimene kampani ya IBM inayambitsa mu 1987, pamene masikirini ambiri a QHD ndi 4K amabwera ndi HDMI kapena DisplayPort zokha. Ngakhale HDMI imene ili ndi mibadwo yake: ya 1.4 imatumiza chithunzi cha 4K ka 30 kokha pa sekondi, ndipo zinthu zimayenda modukizadukiza, pamene ya 2.0, imene inatuluka mu 2013, imafika ka 60. Choncho ndi kofunika kuti katswiri wa makompyuta wa pa ofesi ayambe waona kumbuyo kwa kompyuta, pempho logula lisanalembedwe.

Magetsi nawonso ndi ofunika kuwaganizira. M'Malawi muno mphamvu yake ndi mavoti 230 ndipo mapulagi ndi a mano atatu amakona, ofanana ndi a ku Britain. Magetsi akazima n'kubwera mwamphamvu akhoza kuotcha sikirini, kotero mtengo wa UPS kapena kachipangizo koteteza uyenera kulowa mu bajeti yomweyo.

Kwa a makomiti ogula katundu, phunziro ndi lakuti kulemba "sikirini ya mainchi 27" basi pa chikalata chopempha mitengo n'kosakwanira. Wogulitsa akhoza kubweretsa ya Full HD yotchipa, ndipo ofesi idzasowa poyambira kukana chifukwa sanaphwanye mgwirizano. Chikalata chitchule kukula, timadontho, mtundu wa galasi, polumikizira, kutalika kwa nthawi ya chitsimikizo, ndiponso ngati katunduyo ndi watsopano kapena wogwirapo kale ntchito.

Katundu akafika, asasainiridwe ali m'katoni. Sikirini iyatsidwe ndi kuonetsa mtundu umodzi pa galasi lonse, woyera, kenako wakuda, wofiira, wobiriwira ndi wabuluu. Kadontho kakufa kamaonekera pomwepo, ndipo kubweza kumakhala kosavuta malipiro asanaperekedwe.

Pomaliza, sikirini iikidwe pa mtunda wa mkono wotambasula, m'mphepete mwake mwa pamwamba mukhale molingana ndi maso kapena m'munsi pang'ono. Madokotala a maso amalangiza kuti pakatha mphindi 20 zilizonse, munthu aziyang'ana chinthu chimene chili pa mtunda wa mamita 6 kwa masekondi 20, kuti maso apume.