Chigayo n'chimodzi, ogayitsa ndi mudzi wonse

Mwana akatentha thupi ku Mkanda kapena ku Kapiri m'boma la Mchinji, achipatala amamutenga kadontho ka magazi. Pachipatala chachikulu paboma, kadontho kameneka angathe kukapaka pagalasi n'kukaunika pa maikulosikopu yoonera ndi kuwala. Chipangizochi chimakuza chinthu pafupifupi ka 1,000, moti tizirombo ta malungo ndi ta TB timaoneka bwinobwino.

Koma pali adani ena aang'ono zedi, mavairasi, amene sichingawaone. Amenewa amafuna electron microscope, makina omwe Ernst Ruska ndi Max Knoll adapanga ku Germany mu 1931. Makina otere ndi amene adathandiza Ruth Bishop ndi anzake ku Melbourne kutulukira rotavirus mu 1973, kachirombo kotsekula ana m'mimba. Katemera wake adayamba kuperekedwa m'Malawi muno mu 2012. Taonani, mayi wa ku Mchinji adapindula ndi makina omwe sadawaonepo n'kamodzi komwe.

Nanga bwanji yunivesite iliyonse osangogula ake? Abale, mtengo wake si wamasewera. Kugula n'kuyamba chabe. Makinawa amafuna magetsi osathimathima, chipinda chosagwedezeka ndiponso katswiri wowasamala tsiku ndi tsiku. Akaonongeka, wokonza ndi zitsulo zomwe zimachokera kutali.

N'chifukwa chake kwa anzathu amachita zogawana. Ku University of Cape Town kuli malo amodzi a makina otere, ndipo ofufuza a m'nthambi zosiyanasiyana amalembetsa nthawi, kulipirako pang'ono, n'kupereka mpata kwa wina. Ochita malonda nzeru imeneyi mukuidziwa kale. Ndani amagula lole chifukwa cha matumba khumi a mtedza? Mumasonkherana, lole imodzi n'kunyamula katundu wa nonse mpaka ku Lilongwe.

Ofufuza tili nawo. College of Medicine idatsegulidwa ku Blantyre mu 1991, ndipo kuyambira 2021 ili m'kati mwa KUHeS. Palinso LUANAR, MUST, UNIMA ndi Mzuni. Aliyense akamapempha yekha ndalama kwa otithandiza, n'kutsekera chipangizo chake muofesi kiyi n'kuika m'thumba, tidzaona makina akuchita dzimbiri pomwe wophunzira akusowa poyesera.

Mayunivesitewa akhale pansi, agwirizane za malo amodzi, alembe ndondomeko yoti mwana wa sukulu wochokera ku Mchinji apeze nthawi yake mofanana ndi pulofesa. Paja mutu umodzi susenza denga.