Foni ya agogo isamakhale m'thumba la mdzukulu

M'masiku a Wenela, mwamuna akapita ku migodi ya ku Joni, akumudzi ankatha miyezi akudikira kalata. Ikafika, mayi wosadziwa kuwerenga ankaitana mwana wasukulu kuti amuwerengere, ndipo yankho ankalembanso mwana yemweyo. Dr. Kamuzu Banda analetsa ulendowu mu 1974 ndege itagwa ku Francistown n'kupha Amalawi oposa 70, ndipo wa Teba umene unatsatira unatha mu 1988. Koma msewu wa ku Joni sunatsekeke. Lero akupita ndi ana ndi adzukulu a amuna aja, pa basi kudzera ku Tete ndi Beitbridge, ndipo otsala kumudzi ndi akazi omwe aja, amene tsopano ndi agogo.

Ambiri mwa agogowa foni ali nayo ndithu. Mwana wa ku Johannesburg, Cape Town kapena Lilongwe anagula n'kutumiza. Koma pitani pakhomopo mufunse kuti foni ili kuti. Mudzapeza ili ndi mdzukulu. Iye ndiye amayankha, iye ndiye amawerenga mauthenga, ndipo nambala yachinsinsi ya Airtel Money kapena Mpamba amaidziwa ndi iye. Agogo amangouzidwa madzulo kuti amalume anaimba, akupereka moni. Zimene akanafuna kuuza mwana wawo paokha, za matenda, za malire a munda, za mmene akuwasungira pakhomopo, zimatsalira mumtima.

Si kuti agogo alibe nzeru. Foni yamakono sinapangidwe powaganizira iwo. Zilembo zake n'zazing'ono kwa maso amene ayamba ng'ala, malangizo ake ali m'Chingerezi, ndipo chala chimene chauma ndi khasu galasi limachedwa kuchimva. Poyankha pamafunika kukhwekhwereza chala, pomwe iwo anazolowera kudina batani. Akalephera kawiri, wachinyamata amalanda foniyo n'kuwachitira, ndipo kuphunzira kumathera pomwepo. Onjezanipo za moto: kalembera wa 2018 anapeza kuti Amalawi 84 mwa 100 alionse amakhala kumudzi, kumene nyumba zambiri zilibe magetsi a Escom. Foni imakatchajidwa pa sitolo kapena kwa mwini sola, ndipo woitenga kupita nayo kumeneko ndi amene amathera nayo tsiku.

Chimene chingasinthe zonsezi n'chaching'ono. Kuyambira 2013, WhatsApp ili ndi njira yojambula mawu n'kutumiza. Sipafunika kulemba kapena kuwerenga. Agogo amadina kachizindikiro kamodzi, n'kulankhula Chichewa, Chiyao, Chitumbuka kapena Chisena mmene amalankhulira pakhonde, kuyamba ndi malonje onse, kufunsa ana mmodzimmodzi, kenako n'kufika pa nkhani. Netiweki ikavuta, uthengawo umadikira n'kupita wokha ikabwera. Mwana amene wagwira ntchito usiku wonse amaumvera akadzuka, ndipo mtengo wake ndi wochepa kuyerekeza ndi kuimba kunja kwa dziko. Ine ndikuona kuti palibe china pa foni chimene chikugwirizana ndi chikhalidwe cha achikulire athu kuposa ichi.

Wophunzitsa ayambe ndi chinthu chimodzi chokha, ndipo manja ake akhale kumbuyo. Foni igwiridwe ndi agogo, alakwitse, abwerezenso, mawa lake ayesenso. Zilembo zikulitsidwe, kulira kwa foni kukwezedwe, ndipo pa dzina la mwana aliyense paikidwe chithunzi cha nkhope yake. Kwa amene maso atha, foni ya mabatani ndiyo yabwino: batire yake imakhala masiku angapo, ndipo ikhoza kukonzedwa kuti akakanikiza 2 iziimbira mwana woyamba, 3 wachiwiri. Manambala omwewo alembedwenso ndi zilembo zazikulu m'kope, chifukwa foni imatayika.

Pa ndalama m'pofunika kusamala koposa. Airtel Money inayamba m'dziko muno mu 2012, Mpamba mu 2013, ndipo ambiri a ku South Africa amatumiza kudzera ku Mukuru. Akuba nawo akudziwa zimenezi. Amaimba n'kunena kuti ndi dalaivala amene wanyamula katundu wochokera ku Joni ndipo watsakamira pachipata, atumizireni ndalama msanga. Ena amati atumiza ndalama molakwika, mubweze. Munthu wachikulire amene analeredwa kuti mlendo sakanizidwa amakhulupirira. Agogo auzidwe momveka kuti kudula foni yotere si mwano, ndipo asanatumize kalikonse aimbire kaye mwana wawo pa nambala imene amaidziwa. Nambala yachinsinsi isauzidwe munthu wa pa foni ngakhale atati akuchokera ku kampani.

Palinso nkhani ya simu khadi. Kuyambira 2018, bungwe la Macra linalamula kuti nambala iliyonse ilembetsedwe ndi chiphaso. Mabanja ambiri, pofuna kufulumira, analembetsa nambala ya agogo m'dzina la mdzukulu. Mdzukuluyo akasamuka kapena simu ikatayika, agogo sangathe kuibwezeretsa, ndipo ndalama zimene zili momwemo si zawo pamaso pa kampani. Chiphaso cha unzika ali nacho. Nambala ikhale m'dzina lawo.

Izi zikukhudzanso moyo weniweniwo. Achikulire m'dziko muno akhala akumenyedwa ndi kuphedwa powanamizira ufiti, ndipo mu 2024 Nyumba ya Malamulo inavomereza lamulo lowateteza. Gogo amene angathe kuimbira yekha mwana wake, mfumu kapena apolisi usiku anthu akayamba kusonkhana pabwalo sali chimodzimodzi ndi amene ayenera kupempha foni kwa wachibale, pomwe nthawi zambiri omuneneza amakhala achibale omwewo.