MWANA WANU AKAPITA KUKAPHUNZIRA KU CHINA

Kuyambira kumapeto kwa chaka cha 2007, pamene Boma la Malawi linapangana ubwenzi ndi Boma la China, anyamata ndi atsikana a kuno akhala akupita kumeneko kukaphunzira udokotala, zaulimi ndi ntchito zina. Kapena wina wa iwo ndi wa m'mudzi mwanu. Mukamva kuti watha chaka chathunthu asanayambe maphunziro amene anapitira, musafulumire kunena kuti angodya mpunga kumeneko. Ambiri amayamba alimbana ndi chinenero, ndipo chinenerocho si chamasewera ai.

Bvuto loyamba ndi katchulidwe. Inu mudziwa kuti mtengo wa m'thengo ndi mtengo wa fodya timalemba chimodzimodzi, koma pakamwa timasiyanitsa pokweza kapena kutsitsa liwu. Kwa ife mawu otere ndi owerengeka. Kwa Atchaina ndi pafupifupi liwu liri lonse, ndipo chinenero cha m'sukulu zawo, chimene amati Putonghua, chiri ndi njira zinayi zotchulira. Liwu lakuti "ma" mukalitchula pamwamba osatsika ndiye kuti mayi. Mukalikweza ngati mufunsa, ndi chomera chopotera zingwe. Mukalitsitsa ndi kulikwezanso ndi kavalo, ndipo mukaligwetsa mwaukali ndi kukalipira munthu. Choseketsa kwa ife alimi nchakuti kugula ndi kugulitsa konse ndi "mai". Taganizani kufika pa msika ndi thumba la mtedza, lilime likupusitseni, anthu nkumayesa mwadzagula!

Kulemba ndiko kumaliritsa ambiri. Alibe a, e, i, o, u ngati ife. Liwu liri lonse liri ndi chizindikiro chake choyenera kuloweza. Mu 2013 Boma la kumeneko linatulutsa mndandanda wa zizindikiro 8,105, ndipo 3,500 mwa izo ndi zimene munthu amakumana nazo masiku onse. Kalembedwe ka malemba athuwa kaliko, dzina lake Pinyin, kanabvomerezedwa mu 1958, koma nkothandizira pophunzira ndi polemba pa foni. Mabuku ndi nyuzi ziri m'zizindikiro. Zina mwa izo nzokondweretsa kweni-kweni. Chizindikiro cha mtengo mukachilemba kawiri chisanduka nkhalango. Cha munda chiri ngati dimba logawidwa panayi, ndipo mukaika cha mphamvu pansi pake mwalemba kuti mwamuna. Amayi amene amalima kuposa amuna awo angatsutse zimenezo, ndipo sitingawaletse.

Pali pena pamene mwana wa kuno apezako bwino kuposa Mzungu. Ife tinazolowera kusiyanitsa mkulu ndi mng'ono, atsibweni ndi abambo aang'ono. Atchaina nawonso amatero: mchimwene wamkulu ndi "gege", wamng'ono ndi "didi", ndipo mlongo wa mayi ako ali ndi dzina lake-lake, "jiujiu". Mneni wawo sasintha ngati wathu. Ife timati ndadya, ndinadya, ndidzadya. Iwo "chi" ndi "chi" basi, nthawi imadziwika ndi mawu ena monga dzulo kapena mawa. Ndipo achikulire akamfunsa mwana wanu kuti "Wadya?" asayembekeze mbale, ndi moni chabe.

Amene apita ku Guangzhou, kumene amalonda athu amakagula katundu, adzamva eni mzindawo akulankhula Chikantoni, chimene wodziwa Putonghua yekha sachimva, ngakhale kuti ambiri adzamyankha m'Putonghua akawafunsa.

Mwanayo akafuna kuthokoza aphunzitsi ake ndi mphatso, muuzeni asawapatse koloko ya pakhoma. Mawu akuti kupereka koloko, "song zhong", amamveka chimodzimodzi ndi akuti kuperekeza kholo ku imfa. Nambala 4 nayonso amaipewa chifukwa itchulidwa pafupi ndi liwu lakuti kufa, kotero m'nyumba zina zosanjikizana munthu akachoka pa 3 amafikira pa 5.