Mwaphunzira Kuthamanga, Amayi: Nanga Tsopano?

Mayi amene watha masabata 9 akuphunzira kuthamanga ayenera kuyamikidwa. Pa sabata yoyamba ankathamanga mphindi imodzi yokha n'kuyamba kuyenda, mtima uli thithithi. Lero akutha mphindi 30 osaima. Dongosolo limeneli, lomwe ambiri amalipeza pa lamya za m'manja ndi dzina loti Couch to 5K, lidakonzedwa mu 1996 ndi Josh Clark wa ku America, ndipo munthu amene iye ankafuna kumuthandiza adali mayi ake omubala, omwe adali atapitirira zaka 50. Choncho palibe anganene kuti zimenezi nza atsikana okha.

Komatu dongosololi lili ndi polekezera. Masabata onse aja pepala kapena lamya ndiyo inkalamula kuti lero chitani chakuti, mawa pumulani. Likatha, wolamula palibe, ndipo apa mpamene pali mbuna ziwiri. Wina amati ntchito yatha, napachika nsapato. Pakapita miyezi iwiri befu lija labwereranso. Wina amatengeka ndi chimwemwe, nayamba kuthamanga tsiku ndi tsiku mtunda wautali, mpaka bondo kapena msongolo umukhazika pansi. Kuno ku Kasungu palinso mbuna yachitatu, ndiyo fodya, amene akafika pachimake salabadira kuti mayi ali ndi zofuna zake. Tsono nkhani yathu lero ndi yoti mupewe bwanji mbuna zitatuzi, kuti chaka chamawa nthawi ngati ino mudzapezeke mukuthamangabe.

Mwezi woyamba musawonjezere kanthu

Chinthu choyamba kuchita ndicho kukhazikika pamene mwafikapo. Kwa masabata anayi thamangani mphindi 30 katatu pa sabata, monga Lolemba, Lachitatu ndi Loweruka, ndipo pakati pa masiku othamanga pazikhala tsiku lopuma. Chifukwa chake nchakuti mtima ndi mapapo zimazolowera msanga, pamene mafupa ndi mitsempha ya m'mawondo ndi mu akakolo zimalimba mochedwa. Mpweya ungakuuzeni kuti mungathe kupitirira, miyendo isanakonzeke.

Musaone ngati mphindi zimenezi nzochepa. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la World Health Organization, m'malangizo ake a mu 2020, lidati munthu wamkulu azichita zolimbitsa thupi zapakatikati, monga kuyenda ndawala, kwa mphindi zosachepera 150 pa sabata, kapena zamphamvu, monga kuthamanga, kwa mphindi zosachepera 75. Inu mukathamanga katatu mwakwanitsa mphindi 90. Mwapitirira kale muyeso umene umathandiza kupewa matenda a shuga ndi a mtima. Kuthamanga kwa miyendo kumathandiza kuchepetsa kuthamanga kwa magazi, ngakhale kuti mayi amene adapatsidwa mankhwala kuchipatala sayenera kuwasiya pa yekha.

Liwiro loyenera mudzalidziwa ndi pakamwa. Ngati mungathe kucheza ndi mnzanu uku mukuthamanga, ndiye kuti muli bwino. Ngati mawu akuduka, chepetsani. Kuyenda pang'ono pakati pa ulendo si kugonja ayi.

Kuwonjezera mwanzeru

Mwezi uja ukatha, sankhani chimodzi mwa zitatu. Mungathe kukhala pa mphindi 30 zomwezo moyo wanu wonse, ndipo palibe cholakwika. Mungathe kutalikitsa mtunda. Mungathenso kuphunzira liwiro. Chofunika nchakuti musachite ziwiri nthawi imodzi.

Wofuna kutalikitsa asankhe tsiku limodzi pa sabata, makamaka Loweruka, nawonjezere mphindi 5 zokha: sabata ino 35, yamawa 40, inayo 45. Sabata yachinayi abwerere pa 30 kuti thupi lipume, kenaka ayambirenso pamene adalekezera. Masiku awiri enawo akhale a mphindi 30 monga kale. Pakatha miyezi iwiri kapena itatu adzakhala akuthamanga ola lathunthu, ndipo mtunda wa makilomita 10 udzakhala uli pafupi. Akuluakulu adati tsokonombwe adatha mtunda n'kudumpha.

Wofuna liwiro nayenso asankhe tsiku limodzi. Ayambe ndi kuthamanga pang'onopang'ono mphindi 10, kenaka athamange mwamphamvu mphindi imodzi ndi kuyenda mphindi ziwiri, kasanu kapena kasanu ndi kamodzi, natsirize mofatsa. Dera lathu lino ndi lachidikha, zitunda nzosowa. Koma amene ali pafupi ndi phiri la Kasungu, kapena ndi kamtunda kochokera kudambo, angathe kukwera mwandawala ndi kutsika poyenda, pakuti chitunda chimalimbitsa miyendo koposa.

Kawiri pa sabata limbitsani ntchafu ndi msana pakhomo pomwepo. Khalani pampando ndi kuimirira osagwira kanthu kakhumi. Kwerani ndi kutsika pakhonde kakhumi mwendo uliwonse. Imani ndi zala za kumapazi mutagwira khoma, n'kutsitsa zidendene pang'onopang'ono. Zimenezi sizitha mphindi 10, ndipo mungazichite madzi a nsima ali pamoto.

Tsatani chaka cha fodya

Mapepala ophunzitsa kuthamanga adalembedwa ndi anthu amene masabata awo onse amafanana. Mayi wa ku Santhe, ku Chulu kapena ku Chamama chaka chake sichitero. Nchifukwa chake ayenera kugawa kuthamanga kwake monga momwe amagawira ntchito za kumunda.

Kuyambira Meyi mpaka Ogasiti ndiyo nyengo yomanga. Kunja kwazizira, njira zauma, chimanga chili m'nkhokwe, ndipo ntchito yambiri ya fodya yapita. Kutalikitsa mtunda ndi kuphunzira liwiro kuchitike m'miyezi imeneyi.

Seputembala ndi Okutobala kumatentha, ndipo nazale imafuna kuthiriridwa m'mawa ndi madzulo. Bwererani pa mphindi 30, muzinyamuka kusanatenthe, ndipo muzimwa madzi musanapite ndi pobwera. Mkodzo ukakhala wochepa ndi wachikasu kwambiri, thupi likupempha madzi.

Mvula ikagwa, ntchito imatsatana osapumira: kuwokera, kuthira feteleza, kupalira, kubandira, kenaka kuthyola, kusoka ndi kupachika m'chigafa. Mayi amene wagwira khasu kuyambira mbandakucha walimbitsa kale thupi, ndipo malangizo a bungwe lija amawerengera ntchito zoterezi. M'miyezi imeneyi kuthamanga kamodzi kapena kawiri pa sabata, mphindi 15 kapena 20, nkokwanira kuti miyendo isaiwale. Januwale ndi Febuluwale ndi miyezi imene chakudya chimachepa m'makomo ambiri. Ngati mwagona ndi njala, musathamange. Mudzabwerera zinthu zikakhala bwino, ndipo ngati padutsa masabata ambiri, yambirani pa kuthamanga kosakaniza ndi kuyenda monga munkachitira pachiyambi.

Pali chinthu china chimene wothyola fodya ayenera kudziwa. Masamba akakhala onyowa ndi mame kapena mvula, poizoni wa m'fodya wotchedwa nikotini amalowa pakhungu, ndipo munthu amamva chizungulire, nseru, mutu ndi kufooka. Valani zamanja aatali pothyola, vulani zonyowazo mukangofika, sambani ndi sopo. Tsiku limene mwamva zotere si tsiku lothamanga.

Ikafika nthawi yosankha fodya ndi kudinda mabelo, zinthu zimatembenuka. Munthu amakhala pansi tsiku lonse atawerama, msana n'kuuma. Apa mpoyenera kubwerera pa katatu pa sabata. Ndipo inu amayi a pa Boma, aphunzitsi, anamwino, a m'maofesi ndi ogulitsa pamsika, amene chaka chonse mumakhala pampando kapena kuima malo amodzi, musatsate kupuma kwa alimi. Inu khasu lanu ndi nsapatozo.

Samalani magazi ndi thupi lanu

Amayi ambiri amakhala ndi magazi ochepa chifukwa cha kusamba, uchembere ndi malungo. Ngati mtunda umene munkautha bwino wayamba kukulemerani, mtima ukugunda kwambiri, m'zikhato ndi m'zikope mwayera, pitani kuchipatala akakuyezeni magazi. Pa chakudya simufunika zogula kusitolo. Nsima, mbatata ndi phala zimapatsa mphamvu. Nyemba, soya, mtedza, mazira, usipa ndi matemba zimamanga thupi. Bonongwe, chisoso ndi nkhwani zotendera zimathandiza magazi, makamaka mukadyera pamodzi ndi chipatso monga gwafa kapena lalanje. Tiyi amalepheretsa thupi kutenga bwino mchere wopanga magazi wa m'zakudyazi, choncho mumwe patapita nthawi mutadya. Ndipo pogawa ndiwo musadziiwale nokha.

Mayi woyembekezera afunse kusikelo ngati angapitirize. Amene wangobereka adikire pafupifupi miyezi itatu, ayambe ndi kuyenda, ndipo ngati adachitidwa opaleshoni amve kaye mawu a dokotala. Woyamwitsa ayamwitse mwana asananyamuke, kuti mabere asalemere. Palinso vuto limene amayi ambiri obereka amabisa, loti mkodzo umadontha akamathamanga kapena kutsokomola. Musachite nalo manyazi. Muzifinya minofu ya kumunsi ngati mukugwira mkodzo, kuwerenga mpaka 5 n'kumasula, kakhumi, katatu pa tsiku. Pakapita miyezi itatu osasintha, kawafotokozereni anamwino.

Kuphwanya kwa thupi kumene kumatha pa masiku awiri nkwachibadwa. Koma ululu wa pamalo amodzi umene ukukula mukamathamanga, kapena wokutsimphinitsani, umafuna kupuma masiku angapo, ndipo ukapitirira umafuna chipatala. Kupweteka kwa pachifuwa, kukomoka ndi kubanika kwachilendo musazengereze nazo. Mukadwala malungo tsirizani mankhwala, mphamvu zibwerere, ndipo pamenepo muyambe ndi kuyenda.

Njira, zovala ndi anthu a pamudzi

Tinjira tafumbi ta pakati pa minda ndi bwalo la mpira la pasukulu nzabwino kumawondo kuposa tala. Msewu wa M1 upeweni, makamaka msika wa fodya ukatsegulidwa, pamene malole a mabelo amapita ku Chinkhoma. Mukakakamizika kudutsa mumsewu, tsatani dzanja lamanja kuti galimoto yobwera muziiona, ndipo valani chowala. Musathamange nokha kuli mdima.

Ndalama za fodya zikabwera, patulani ya nsapato. Za pakaunjika nzabwino, bola pansi pake pasakhale podyeka mbali imodzi. Ziyeseni madzulo, mapazi atatupa ndi ntchito, ndipo kutsogolo kwa chala chachikulu kutsale mpata wolowa chala cha kumanja. Gulaninso kamisolo yogwira bwino. Lamulo la mu 1973 loletsa amayi kuvala mabuluku lidachotsedwa pa nthawi imene dziko lino linkalowa m'ndale za zipani zambiri. Komabe pamudzi pali maso, ndipo amene afuna angavale buluku m'kati, namange chitenje chofika m'mawondo pamwamba.

Pakamwa pa anthu simungatseke. Ena adzafunsa kuti mukuthawa chiyani, ena adzati mayi wapabanja satero. Mankhwala ake ndi kuchulukana. Pezani anzanu awiri kapena atatu a kumpingo, a kubanki m'khonde kapena oyandikana nawo nyumba, mupangane tsiku ndi pokumanira. Amene akudikiridwa pachitsime sagona, ndipo gulu la amayi silinenedwa monga amanenedwera mmodzi. Abambo akunyumba ndi apongozi afotokozereni mwaulemu kuti mukutero pofuna moyo wautali wolerera ana, ndipo muwadziwitse njira imene mumadzera ndi nthawi yobwerera. Ntchito za m'mawa gawanani ndi ana okulirapo, anyamata ndi atsikana omwe.

Za mipikisano

Kale anthu ankati thupi la mkazi silingathe mtunda wautali, kotero kuti mpikisano wa makilomita 42 wa amayi udalowa m'masewera a Olimpiki mu 1984, ku Los Angeles, ndipo adapambana ndi Joan Benoit. Amayi a dziko lino nawonso adaonetsa zimene angathe. Catherine Chikwakwa adaimira Malawi ku Sydney mu 2000 ali ndi zaka 15, ndipo mu 2004 adatenga mendulo yasiliva pa mpikisano wa achinyamata a dziko lonse ku Grosseto, m'dziko la Italy, pa mtunda wa mamita 5,000, womwe ndi makilomita 5 omwe aja munkalimbana nawo inu. Tereza Master adathamanga makilomita 42 ku Rio de Janeiro mu 2016. Ku Mulanje kuli mpikisano wa Porters Race, umene udayamba ndi onyamula katundu wa alendo okwera phiri, ndipo amayi nawonso amapikisana nawo pa mtunda wopitirira makilomita 20.

Zimenezi zikulimbikitseni, koma zisakuthamangitseni. Yambani ndi mpikisano wa makilomita 5, ngakhale wokonza nokha ndi anzanu pabwalo la sukulu. Mukatha miyezi ingapo yesani 10. Mitunda yoposa apa imafuna chaka kapena kupitirira cha kukonzekera.

Tsono sabata ino, amayi anzanga, tengani kope lakale la mwana. Lembani masiku anu atatu, dzina la mnzanu wothamanga naye, ndi miyezi imene mudzachepetse chifukwa cha kumunda. Tsiku lililonse mukabwerako ikani chizindikiro ndi mphindi zimene mwatha. Kopelo ndilo lilowe m'malo mwa lamya ija, ndipo wolamula tsopano ndinu.