ZIPHONA ZA M'MAKANEMA: KODI ZIKUŴAPHUNZITSA CHIYANI ANA ATHU?

Ife amene tagwira choko zaka zambiri timadziŵa za mumtima wa mwana poona zimene wajambula kumapeto kwa kope lake. Kale tinkapezako basi, ng'ombe kapena mpira. Lero tikupezako munthu wovala chigoba chofiira chokhala ndi ukonde wa kangaude. Tsiku lina mnyamata wathu wa Sitandade 4 anamanga chitenje cha amake m'khosi, nakwera mumtengo wa mango, nalumpha poyesa kuuluka. Anathyoka mkono. Pobwerako kokamzonda kuchipatala, tinaona kuti nthaŵi yakwana yoti makolo ndi aphunzitsi tiziyese bwino nthano zimenezi, zimene ana athu amaonera m'nyumba za vidiyo ndi pa foni.

Ziphonazi zidabadwira ku America, m'timabuku ta nthano za zithunzi totchedwa makomiki. Superman adatuluka mu 1938, ndipo adampeka ndi anyamata aŵiri a mumzinda wa Cleveland, Jerry Siegel ndi Joe Shuster, ana a Ayuda osamuka kuchokera ku Ulaya. Batman adatsatira mu 1939, ndipo Spider-Man adadza mu 1962. Pambuyo pake nthanozo zidasanduka makanema aakulu.

Tiyambe ndi zokoma, pakuti zilipo ndithu. Nthano ya Spider-Man ndi ya mwana wamasiye, Peter Parker, woleredwa ndi atate ake aakulu, a Ben. Atalandira mphamvu zodabwitsa, adayamba kufuna ndalama ndi kutchuka. Tsiku lina mbala idamdutsa ikuthaŵa, iye naileka, poganiza kuti kugwira mbala si ntchito yake. Mbala yomweyo ndiyo idadzapha a Ben. Mwana aliyense amamva phunziroli popanda womasulira: wokhala ndi mphamvu yothandiza, akapinda manja, ali ndi mlandu.

Nthanozi zatsutsanso tsankho. Mu 1946 seŵero la Superman la pa wayilesi lidanyazitsa gulu lofanana ndi Ku Klux Klan, lozunza anthu chifukwa cha mtundu wawo. Black Panther, amene Stan Lee ndi Jack Kirby adampeka mu 1966, ndi mfumu ya dziko lopeka la mu Africa, Wakanda, limene silidalamulidwepo ndi atsamunda. M'kanema wake wa mu 2018 mumamveka Chixhosa, ndipo ana akuda adaona munthu wa khungu lawo ali wanzeru ndi wolemekezeka. Tikuvomerezanso kuti mwana woopa buku amaliyandikira mosavuta likakhala ndi zithunzi.

Koma tsono chikomekome cha nkhuyu m'kati muli nyerere. Chofooka choyamba nchakuti pafupifupi mlandu uliwonse m'nthanozi umathera pa nkhonya. Anthu wamba ntchito yawo nkuthaŵa, kukuwa ndi kuyang'ana kumwamba kudikira wodzaŵapulumutsa. Nthano za agogo athu sizitero: Kalulu amagonjetsa Njovu ndi nzeru, ndipo akulu adati mutu umodzi susenza denga. Mlatho wa m'mudzi umamangidwa ndi manja ambiri, ndipo mkangano wa malire a munda umatha pabwalo, anthu atamvana. Mwana wokula akukhulupirira kuti wamphamvu ndiye wolungama adzavutitsa anzake m'kalasi, ndipo adzavutitsanso banja lake.

Chofooka chachiŵiri nchakuti imfa ndi zoŵaŵa zimachepetsedwa. Superman adafa mu 1992, nabweranso mu 1993. M'kanema wa Avengers wa mu 2018 theka la zamoyo zonse lidafafanizika, koma m'kanema wotsatira, wa mu 2019, onsewo adabwerera. Nyumba zimagumuka, munthu amagwa kuchokera m'mitambo, nadzuka akusasa fumbi. Chifukwa chake ndi malonda. Kanema wa mu 2019 uja adapeza madola pafupifupi 2.8 biliyoni, ndipo kampani ya Disney idagula Marvel mu 2009 ndi madola pafupifupi 4 biliyoni. Ng'ombe ya mkaka wochuluka chotere palibe angaiphe. Chotero nthano siiloledwa kutha, ndipo nthano yosatha imangobwereza zomwezo. Malonda omweŵa sadachitire chilungamo ngakhale eni nthano: Siegel ndi Shuster adagulitsa Superman pa madola 130 okha, ndipo mpaka mu 1975 ndi pamene adalonjezedwa ndalama za chaka ndi chaka. Kunja kwa kanema imfa siseŵera. Chadwick Boseman, amene adaseŵera ngati Black Panther, adamwalira ndi khansa mu 2020 ali ndi zaka 43, ndipo sadabwerere.

Nanga tichite chiyani? Ena anena kuti tingoletsa. A ku America adayesa: mu 1954 Dr. Fredric Wertham adalemba buku lonena kuti makomiki akuwononga ana, ndipo osindikiza adadziikira malamulo okhwima. Malamulowo adatha mu 2011, ziphona zilipobe. Kuletsa kokha kumangotumiza mwana kukaonera kwa anzake mobisa.

Njira yabwino ndi kukhala naye pansi. Tidziŵe zimene akuonera, pakuti makanema ambiri otere adaŵayesa oyenera ana a zaka 13 kupita m'tsogolo, ndipo ena, monga Deadpool wa mu 2016, ndi a akuluakulu. Kanema akatha timfunse: Kodi chiphonachi chidathandiza yani? Nanga eni nyumba zogumuka zija agona kuti? Kodi padalibe njira ina yothetsera mlandu? Ndi chiti chimene munthu weniweni sangachite? Ndipo madzulo tisaiŵale kumsimbira nthano zathu.

Mnyamata uja adachira. Atabwerera ku sukulu tinamfunsa pamaso pa anzake kuti adampulumutsa ndani. Anaganiza pang'ono, natchula amake amene adambereka kumsana, mnansi amene adabwereketsa njinga, ndi namwino amene adammanga mkono. Makolo anzathu, tikaŵathandiza ana kuona anthu otere, angathe kusangalala ndi Spider-Man popanda kutaya nzeru.