Tetezani mabokosi a panjinga yamoto, mpamba ungathere pansi

Amalonda ambiri masiku ano asiya kudikira minibasi. Woperekera mazira m'magolosale, wogulitsa buledi m'midzi, wa zipangizo za mafoni, ngakhale wokasiya chakudya m'maofesi ku Lilongwe ndi ku Blantyre, akudalira njinga yamoto yokhala ndi mabokosi awiri m'mbali. Ena amagula mabokosi apulasitiki kusitolo, ena amapangitsa amalata kwa owotcherera a ku Mchesi kapena ku Ndirande, pomwe ena amangomangirira makreti pa chitsulo.

Kaya bokosilo ndi la mtundu wanji, ndilo limatulukira kunja kwambiri kumbuyo kwa njinga. Njinga ikagwa, limayamba kugunda pansi ndi bokosi, ndipo limagwa ndi katundu yense ali m'kati. Mathireyi asanu ndi mazira 150. Werengerani nokha pa mtengo wa lero, muwonjezepo mtengo wa bokosi lina, loko wina ndi tsiku lathunthu losagwira geni. Kuyambira pomwe mphamvu ya Kwacha idatsitsidwa ndi 44 peresenti mu November 2023, zipangizo za njinga zochokera kunja zakwera mtengo kwambiri, moti bokosi losweka si chinthu chongoti ndigula lina mawa.

Nzeru yake ndi iyi: konzani njinga yanu kuti isamagwe chisawawa, ndipo tsiku limene idzagwe, chidzayambe kukhudza pansi ndi chinthu chotchipa monga chidutswa cha tayala lakale.

Njinga imagwa itaima

Ambiri akamva za kugwa kwa njinga amaganiza za ngozi ya pamsewu. Koma amene wakhalitsa pa njinga amadziwa kuti imagwanso kawirikawiri ili chiimire, mwini wake akuwerenga chenji kapena akutsitsa katundu.

Sitandi ya pambali ili kumanzere ndipo phazi lake ndi laling'ono. Pa dothi lonyowa la dzinja, pa mchenga wa kunyanja, ngakhale pa phula lofewa ndi dzuwa la October, phazilo limamira pang'onopang'ono mpaka njinga kupendama n'kugwa. Yendani ndi kathabwa kakang'ono ngati chikhatho chanu, muzikaika pansi pa sitandi paliponse pamene nthaka ndi yokayikitsa. Kabooleni n'kukamangirira chingwe ku handulo kuti musamakaiwale ponyamuka. Muthanso kupempha wowotcherera kuti akulitse phazi la sitandi ndi kachitsulo kafulati.

Pa malo otsetsereka, imikani njinga itayang'ana kumtunda ndipo isiyeni mu giya wani. Ikayang'ana kumunsi imatha kuyenda pang'ono kutsogolo, sitandi n'kupindika yokha. Mukaimika, khotetsani handulo yonse kumanzere chifukwa njinga imakhazikika bwino motero.

Onaninso mmene malo apendamira. Kuno kwathu timayenda kumanzere kwa msewu, ndipo m'mphepete mwa msewu mumatsetserekera ku ngalande. Mukaimika pamenepo njinga imagonera kwambiri pa sitandi. Malo akakhala okwera kumanzere, njinga imaima chilili ndipo ngolo, wilibala kapena munthu wodutsa ndi thumba akangoikhudza imagwera kumanja.

Kupakira kuli ndi dongosolo

Katundu akachuluka, masipuling'i a kumbuyo amaphwa ndipo njinga imatsika. Koma sitandi kutalika kwake sikusintha, choncho njinga yodzaza imaima mowongoka kuposa yopanda kanthu. Ichi n'chifukwa chake njinga imene idaima bwinobwino musanapakire imatha kugwera kumanja mukangomaliza.

Popakira njinga ili pa sitandi ya pambali, yambani ndi bokosi la kumanzere kuti kulemera kuzikankhira pa sitandi. Potsitsa, yambani ndi la kumanja. Ngati njinga yanu ili ndi sitandi ya pakati ndipo pansi ndi polimba komanso pafulati, gwiritsani ntchito imeneyo.

Mbali ziwirizi zilemere mofanana. Musamangoyesa ndi maso pomwe sikelo ya mbedza imapezeka pa msika uliwonse. Lita imodzi ya madzi imalemera kilogalamu imodzi, mafuta ophikira a malita 5 amapitirira makilogalamu 4 ndi theka, ndipo thireyi ya mazira 30 imayandikira makilogalamu awiri. Makampani ambiri opanga mabokosi apulasitiki amalemba kuti bokosi limodzi lisapitirire makilogalamu 10. Mukapyola pamenepo, chimene chimayamba kutopa ndi pamene bokosi lagwirana ndi chitsulo, ndipo limadzathothoka pa hampu tsiku lina.

Zolemera ziikeni pansi komanso chakutsogolo, pafupi ndi woyendetsa. Zopepuka zikhale pamwamba. Mipata yotsala itsekeni ndi makatoni kapena masaka, chifukwa katundu wogubuduka m'kati amang'alula bokosi kuchokera m'kati momwemo ndiponso amakokera njinga mbali imodzi pokhota.

Chitsulo chotchinga ndi tayala lakale

Bokosi lisapachikidwe palokha. Likhale pa felemu yachitsulo yoligwira pansi ndi kumbuyo, ndipo paipi imodzi ya felemuyo izungulire kunsi kwa bokosi motulukira kunja pang'ono, ngati zala ziwiri. Njinga ikagwa, paipiyo ndiyo idzakhule pansi.

Pali zitatu zoti mumuuze wowotcherera. Choyamba, felemu imangidwe ndi mabawuti, asaiwotcherere ku thupi la njinga. Ikapindika mudzangoimasula n'kukaiwongola. Chachiwiri, isalimbe kuposa njinga yomwe. Felemu ya chitsulo chokhuthala kwambiri sipindika, m'malo mwake mphamvu yonse ya kugwa imapita ku thupi la njinga, ndipo kuwongola thupi la njinga n'kodula kuposa kugula paipi. Chachitatu, ngati pali pofunika kuwotcherera pa njinga penipeni, achotse kaye mawaya a batire ndipo moto utalikirane ndi thanki ya petulo.

Chitsulo chotchinga cha kutsogolo, chimene chimabwera kale pa njinga zambiri za kabaza, musachichotse. Chimateteza miyendo ndi injini, komanso chimagawana ndi felemu ya kumbuyo mphamvu ya kugwa.

Kenaka pitani kwa okonza matayala mukatenge tayala lotha la njinga. Dulani zidutswa n'kuzikuta pa ngodya za kunsi ndi za kunja za bokosi, pakuti ngodya ndizo zimayamba kusweka. Mangani ndi mabawuti ang'onoang'ono, mutu wake ukhale kunja, ndipo m'kati muikemo mawashala aakulu kuti bawuti isang'ambe pulasitiki kapena lata. Pa mabowo pakani silikoni kuti madzi a mvula asalowe. Pakati pa bokosi ndi felemu ikanipo chidutswa cha chubu. Chimachepetsa kunjenjemera kumene kumadya bokosi pa misewu ya fumbi, ndipo mazira ndi mabotolo amafika bwino. Gwiritsani ntchito manati okhala ndi pulasitiki m'kati, aja samasuka okha, ndipo muziyendera mabawuti onse ndi sipanala sabata iliyonse.

Kutentha kwa ekizozi ndi kukula kwa bokosi

Pa njinga zambiri zimene zili m'misewu yathu ekizozi ili kumanja. Bokosi lapulasitiki likayandikira kwambiri limafewa, limapindika, mwinanso kuboola pansi. Siyani mpata wokwana chikhatho ndipo kunsi kwa bokosi muikeko lata lotchinga kutentha, losagundana ndi bokosilo kuti mphepo izidutsa pakati. Poyesa mpatawo, njinga ikhale yodzaza ndipo munthu akhalepo, chifukwa mpata umene mukuuona njinga ili yopanda kanthu umachepa katundu akakwera. Buledi, majalini, chokoleti ndi mankhwala musaziike mbali ya ekizozi.

Mabokosi onse awiri pamodzi asatambalale kuposa mahandulo. Woyendetsa amayeza mpata ndi mahandulo amene akuwaona, ndiye ngati kumbuyo n'kotambalala, kutsogolo kudzadutsa koma bokosi lidzakola benchi ya mnzanu kapena kukanda galimoto ya munthu pa mzere wa magalimoto. Pamenepo mudzalipira zowonongeka ziwiri. Bokosi lisabisenso nambala ya njinga, nyali ya buleki ndi maindiketa, ndipo kumbuyo kwake matanikoni tepi yonyezimira kuti galimoto zizikuonani usiku.

Kukalika kumayamba ndi fumbi

Wina anganene kuti bokosi lokalika limanyamulabe katundu. N'zoona, koma kasitomala wolandira chakudya kapena keke amayang'ana kaye mmene chachokera. Tsiku logulitsa njinga, wogula amatsitsa mtengo poloza zokalikazo. Pa bokosi lachitsulo, pokalika ndi pamene dzimbiri limalowera.

Musapukute bokosi lafumbi ndi nsalu youma. Fumbi ndi timchenga, ndipo kupukuta kotero n'chimodzimodzi kukhula ndi sandipepa. Thirani madzi kaye, kenaka sopo ndi nsalu yofewa. Petulo ndi thina musazifikitse pa pulasitiki chifukwa zimachotsa kuwala ndipo mapulasitiki ena amafooka nazo. Dzuwa nalo limaumitsa pulasitiki mpaka kufika poti kugunda pang'ono n'kung'aluka, choncho imikani pa mthunzi kapena fundikani saka mukakhala pa msika tsiku lonse.

Malegeni ndi zingwe zomangira katundu wa pamwamba zimadya penti pamene zikukhula. Pachivindikiro matanipo chidutswa cha chubu kapena kapeti wakale. M'mbali mungathe kumata sitika yaikulu ya kwa olemba zikwangwani, yokhala ndi dzina la bizinesi yanu. Sitikayo ndiyo imakalika m'malo mwa bokosi, ikatha mumamatula n'kuika ina, ndipo ikukutsatsirani malonda muli pa ulendo. Bokosi lachitsulo likakalika mpaka chitsulo kuonekera, palani ndi sandipepa, pakani penti yofiira yoteteza dzimbiri, kenaka penti ya pamwamba, mvula isanayambe.

Ikagwa, musathamangire kudzutsa

Zimitsani injini ndi kutseka tapu ya petulo. Tsitsani katundu amene mungathe kumufikira kuti njinga ipepuke. Ngati yagwera kumanja, tambasulani kaye sitandi ya pambali kuti mukaidzutsa isapitirire kugwera mbali inayo. Gwirani handulo ndi chitsulo cha kumbuyo kwa mpando. Musadzutsire pa bokosi kapena pa chivindikiro, chifukwa mahinjesi ndi maloko amathyokera pamenepo.

Musananyamuke, onani ngati felemu sinapindikire ku tayala kapena ku tcheni. Mukaona mng'alu pa pulasitiki, boolani kabowo kakang'ono kumapeto kwenikweni kwa mng'aluwo kuti usapitirire, kenaka sokani ndi waya wofewa kapena kapititseni kwa owotcherera mapulasitiki. Mng'alu wa chala chimodzi ukausiya, mahampu ndi maenje amautalikitsa mpaka bokosi lonse kugawanika.

Pomaliza, chitani masamu awa sabata ino. Funsani wowotcherera wa kwanuko mtengo wa paipi yotchinga, muwonjezepo mabawuti, mawashala ndi tayala lotha. Mbali inayo lembani mtengo wa bokosi latsopano pamodzi ndi katundu amene mumanyamula pa ulendo umodzi. Ngati ndalama ya paipi simunaipeze, yambani ndi zosalira ndalama: kathabwa ka pansi pa sitandi, giya wani pa malo otsetsereka, ndi kupakira kuyambira kumanzere.