Mafuta a m'chigubu alibe lisiti

Boti langa ndi lamatabwa, injini yake ndi Yamaha yokalamba, ndipo ndimanyamula katundu pakati pa Metangula ndi Cóbuè. Ndilibe bwana. Wondifuna amandipeza pamchenga, timapangana mtengo, ntchito ikatha aliyense kwawo. Kwa zaka zambiri ndinkaganiza kuti msonkho ndi nkhani ya aphunzitsi ndi anamwino, anthu olandira pakutha pa mwezi.

Chinandidzutsa ndi simenti. Bungwe lina linandichita hayala kuti ndikatule matumba a simenti ndi malata kumudzi wina kumpoto kwa Cóbuè, kosafika galimoto. Tinamvana pa mametikali 40,000. Tsiku lolandira, foni inalira, kuyang'ana: 32,000. Ndinapita kuofesi kwawo mtima uli pamwamba. Wowerengera ndalama, mnyamata woti ndikanatha kumubereka, anandikhazika pampando. "Bambo, sitinakubereni. Lamulo limatikakamiza kudula 20 peresenti n'kukapereka kuboma m'dzina lanu. NUIT yanu ili kuti?"

Mnyamatayo sankanama. Kuno ku Mozambique msonkho wa zomwe munthu amapeza umatchedwa IRPS, ndipo ife odzilemba tokha ntchito, amakanika, akalipentala, eni maboti, tili m'gulu lake lachiwiri. NUIT ndi nambala yomwe Autoridade Tributária, ofesi ya boma yotolera msonkho, imakudziwira nayo. Ndalama yodulidwayo sikuti yamira m'nyanja. Ili ngati chikole: chaka chotsatira umalemba zonse zomwe unapeza pa fomu ya Modelo 10, ndipo zomwe anadula kale amazichotsera pa msonkho wako. Koma uyenera kupempha pepala losonyeza kuti anakudula. Ine ndinalibe pepala, ndinalibenso nambala.

Pomwe panandikoka mtima mpakuti lamulo limalola wosunga mabuku a bizinesi mwadongosolo kuchotsera zomwe wawononga pogwira ntchito, msonkho n'kuwerengedwa pa phindu lokha. Ndinayamba kuwerenga ndi zala: petulo, oyilo, mapulagi, phula womatira boti, malipiro a mnyamata wokapa madzi. Pa 40,000 ija, yoposa theka inapita m'menemo. Ndinasangalala, mpaka wowerengera ndalama uja atandifunsa malisiti.

Amene anakhalapo m'mbali mwa nyanja yino aseka. Petulo ukakuthera ku Cóbuè umagula wa m'chigubu kwa munthu wokhala pansi pa mtengo wa mango. Pulagi amakubweretsera mlamu wako kuchokera ku Likoma, wogula ndi makwacha. Mmisiri wokhoma matabwa umamupatsa ndalama pamanja, mwinanso ndi ndowa ya usipa pamwamba. Ndalama zatulukadi m'thumba, thukuta lagwadi, koma pamaso pa a msonkho chopanda fatura yokhala ndi dzina ndi NUIT ya wogulitsa sichinachitike. Sindikuwada nazo; akanati azikhulupirira pakamwa, tonse tikanakhala ogwira ntchito yopanda phindu chaka ndi chaka. Kungoti lamuloli limamukomera wa ku Lichinga, yemwe amathira mafuta papampu n'kupatsidwa kapepala.

Choncho ndinalowera khomo lina. Mu 2009 boma linakhazikitsa ISPC, msonkho wa amalonda ang'onoang'ono. Lamulo la chaka chimenecho linati yemwe zolowa zake sizipitirira mametikali 2,500,000 pachaka atha kusankha kulipira 3 peresenti ya zolowazo, kapena 75,000 yokhazikika pachaka, m'malo mwa IRPS ndi IVA, msonkho wa pa zogula. Tawerengani nokha: 75,000 ndi 3 peresenti yeniyeni ya 2,500,000. Ndiye kwa munthu wa boti limodzi ngati ine, kusankha yokhazikikayo kunali kudzipweteka dala. Ndi 3 peresenti, ulendo wa simenti uja ukanandidyera 1,200 yokha, osati 8,000.

Kukoma kwake kuli ndi minga. ISPC siifunsa kuti wawononga zingati. Imaluma pa ndalama yonse yolowa. Chaka china mwera unawomba masabata angapo motsatizana mu Juni ndi Julaye, boti lili gone pamchenga. Nyanja itadekha, injini inafa. Zonse zomwe ndinapeza miyezi imeneyo zinathera kwa makanika, koma msonkho ndinalipirabe, poti ndalama zinalowa. Msuweni wanga wopikula usipa wouma n'kukagulitsa ku Lichinga amamva kuwawa kuposa ine: m'manja mwake mumadutsa ndalama zambiri, zotsalira iye n'zochepa.

Masiku ano ndili ndi kope la ana asukulu, lokulungidwa m'jumbo, lomwe limakhala pansi pa thabwa la kumbuyo kwa boti. Ulendo uliwonse ndimalemba tsiku, wondituma ndi mtengo. Kumasamba akumapeto ndimalembanso petulo wa m'chigubu, ngakhale palibe amene adzandichotsere. Mwezi wathawu kopelo linandiuza kuti ulendo wa ku Meluluca ndakhala ndikuuyenda motchipa kwa zaka ziwiri, ndipo ndakweza mtengo.